Ndani amasankha mayina otuluka mu laibulale?

M'khodi ya chiyankhulo cha Perl muli fayilo yotchedwa makedef.pl imene anthu ambiri ogwiritsa ntchito Perl sanaitsegulepo. Ntchito yake ndi imodzi basi: pamene Perl ikumangidwa, fayiloyi imalemba mndandanda wa mayina. Pa Windows mndandandawo umatuluka ngati perldll.def, ndipo pa AIX ya kampani ya IBM umatuluka ngati perl.exp. Dzina limene lili pa mndandandawo, mapulogalamu ena angathe kuliitana. Limene palibe, ngakhale khodi yake ili momwemo ndipo ikugwira ntchito bwinobwino, akunja sangalifikire.

Ndakhala nthawi yaitali ndikumanga malaibulale a C, ndipo ndafika pokhulupirira kuti mndandanda wotere ndi chimodzi mwa zolemba zofunika kwambiri m'pulojekiti yonse. Chondiwawa n'chakuti kawirikawiri umasiyidwa m'manja mwa makina, popanda munthu wouwerenga.

Munthu akalemba khodi ya C, compiler imaisandutsa malangizo a makina, ndipo function iliyonse imatsala ndi dzina lake m'fayilo yotulukayo. Kenako linker imasonkhanitsa mafayilowo n'kuwalumikiza. Pulogalamu ingathe kunyamula m'mimba mwake khodi yonse imene ikufuna, koma masiku ano zambiri zimakhala m'malaibulale ogawana: mafayilo othera ndi .so pa Linux, .dll pa Windows, .dylib pa macOS. Pulogalamu imangosunga dzina, mwachitsanzo deflate la mu zlib, ndipo munthu akaitsegula m'pamene makina amapita kukalifufuza m'malaibulale n'kupeza pamene khodi yake ili. Ubwino wake ndi woonekeratu. Mu zlib mukapezeka vuto, amakonza fayilo imodzi ndipo mapulogalamu onse oidalira amachira limodzi osamangidwanso. Koma mgwirizano wonsewu waima pa mayina. Dzina likasowa, pulogalamu imene inkayenda dzulo imakana kudzuka lero.

Makina amasiyana pa funso lakuti ndi mayina ati amene aoneke kunja. Pa Linux mukapanda kunenapo kanthu, dzina lililonse limene simunalembe kuti static limatuluka. Pa Windows, ndi zida za Microsoft, n'zosemphana: palibe chotuluka mpaka mutanena, mwina polemba __declspec(dllexport) kutsogolo kwa function, mwina popereka fayilo ya .def yokhala ndi mawu akuti EXPORTS pamwamba ndi mayina m'munsi mwake. Linker ya AIX imafuna fayilo yakeyake. Ya macOS imalandira mndandanda kudzera mu -exported_symbols_list, ndipo dzina lililonse la C limayamba ndi kamzere kapansi. Ya GNU imalandira version script, momwe mumalemba mayina pansi pa mawu akuti global, kenako nyenyezi imodzi pansi pa local kutanthauza kuti ena onse abisike. Nkhani ndi imodzi, kalembedwe n'kosiyanasiyana, ndipo palibe munthu wanzeru amene angafune kusunga pamanja mindandanda inayi kapena isanu yonena chinthu chimodzi. N'chifukwa chake mndandandawu umapangidwa pa nthawi yomanga pulogalamu. Pamenepa palibe mkangano. Mkangano uli pa kumene script yoipangayo ikutenga mayina.

Anthu okulira pa Linux amakumana ndi funsoli tsiku limene akufuna kusamutsira laibulale yawo ku Windows. DLL imamangidwa popanda dandaulo, koma pulogalamu yoyamba kuyesa kuigwiritsa ntchito imabweretsa mizere yambirimbiri ya LNK2019, linker ikunena kuti dzina ili sindikulipeza, ilinso sindikulipeza. Mnyamata wina amene ndinkagwira naye ntchito atatopa nazo anatembenuka n'kundifunsa kuti, "Akulu, bwanji osangowatulutsa onse? Si nm ikutipatsa kale mayina onsewo?"

Funsolo linali lanzeru, ndipo si iye anayamba kuliganiza. Script yake ndi ya mizere yochepa: yendetsani nm, chida chosindikiza mayina a m'fayilo, pa mafayilo onse amene compiler yatulutsa, tolani mayina amene ali ndi chilembo T, D kapena B pambali pake, asanjeni, ikani EXPORTS pamwamba, mwamaliza. M'khodi ya Python muli script yotchedwa makexp_aix imene imachita zofanana ndi zimenezi pa AIX. CMake nayo, kuyambira pa 3.4 ya mu 2015, ili ndi WINDOWS_EXPORT_ALL_SYMBOLS, imene imakulemberani .def kuchokera m'mafayilo omwewo. Zida zimenezi sindizinyoza. Zathandiza anthu ambiri kufika pa Windows kapena pa AIX msanga, ndipo pa laibulale imene imangogwiritsidwa ntchito ndi pulogalamu imodzi ya anthu omwewo, zimakwanira.

Koma mndandanda wopangidwa motere umangofotokoza zimene zapezeka m'khodi tsiku limenelo. Sunena zimene eni ake akufuna kulonjeza. Yendetsani nm -D --defined-only pa laibulale yomangidwa mosasankha, muwerenge pang'onopang'ono. Pamwamba mupeza mayina abwino aja, olembedwa m'mabuku a pulojekiti, oyamba ndi zilembo za laibulaleyo. Mukatsika mupeza ena: init, cleanup, log_error, tmp_buf, helper2, debug_dump. Awa ndi mayina amene wina analemba usiku akuthamangira kukonza vuto, n'kuiwala kuika static, kapena sakanatha kuika static chifukwa mafayilo awiri a mu laibulale yomweyo amawafuna. Palibe anakhalapo pansi n'kunena kuti dziko lonse liziitana helper2. Komabe ndi limenelo, lili poyera pamodzi ndi anzake.

Vuto loyamba lobwera ndi mayina otere ndinaliona ndi maso. Panali pulogalamu ina ya pa seva imene inkayenda bwino masiku onse, koma intaneti ikangoduka inkafa nthawi yomweyo, osasiya uthenga uliwonse. Titaigwira ndi gdb tinaona chinthu chodabwitsa. Khodi ya laibulale yolumikizira ku seva ina inaitana log_error, koma kuitanako kunakagwera mu laibulale ina yosiyaniranatu, yowerenga mafayilo. Malaibulale onse awiri anali ndi function ya dzina limenelo. Ya uku inkayembekezera mawu okha. Ya uko inkayembekezera nambala poyamba, mawu pambuyo. Pa Linux, makina akamafufuza dzina amayamba ndi pulogalamu yeniyeniyo, kenako malaibulale motsatana ndi mmene atsegulidwira, ndipo loyamba kupezeka ndi limene limapambana, ngakhale woitanayo ali ndi lakelake m'nyumba mwake. Tinatsimikiza poyendetsa pulogalamuyo ndi LD_DEBUG=bindings, imene imasindikiza dzina lililonse ndi fayilo imene lamangiriridwako. Mzere wake unali pomwepo, woonekeratu. Compiler sinachenjeze, linker sinachenjeze, ndipo mayeso onse ankadutsa chifukwa palibe mayeso amene ankadula intaneti. Olemba malaibulale awiriwo sankadziwana, ndipo aliyense khodi yake inali yolondola payokha.

Vuto lachiwiri limabwera mochedwa koma ndi lalikulu. Dzina likangokhala poyera, tsiku lina wina adzaligwiritsa ntchito. Zili ngati kanjira kodutsa pakati pa munda: woyamba amadutsa chifukwa palibe mpanda, wachiwiri amatsata mapazi a woyamba, ndipo pakatha zaka zingapo mwini munda akafuna kulima pamenepo, mudzi wonse umamuona ngati iye ndiye wolakwa. Hyrum Wright, amene ankagwira ntchito ku Google, anatchuka ndi mfundo yomweyi, yakuti ogwiritsa ntchito akachuluka, chilichonse chimene chikuoneka chimapeza wochidalira, kaya munalonjeza kaya ayi. A Python anakumana nazo mu 2023. M'mtundu woyeserera woyamba wa Python 3.13 anachotsa ma function ambiri oyamba ndi _Py, amene kamzere kakutsogoloko kamasonyeza kuti ndi am'kati. Mapulojekiti odziwika anasweka, ndipo m'mtundu wotsatira ena mwa ma function aja anabwezeretsedwa. Kamzere kaja kanali kupempha chabe kuti anthu asalowe, sikanali kutseka.

Nkhani imene imandiphunzitsa kwambiri pa zonsezi ndi ya memcpy, chifukwa imaonetsa kuti lonjezo silithera pa dzina. Function imeneyi imakopera zinthu kuchoka pamalo ena a memory kupita pena, ndipo malamulo a C amanena momveka kuti malo awiriwo asalowerane. Amene akufuna kukopera malo olowerana ali ndi memmove. Koma kwa zaka zambiri memcpy ya mu glibc, laibulale ya C ya pa Linux, inkakopera kuyambira kutsogolo, motero mapulogalamu ena ophwanya lamulolo ankayenda popanda vuto. Mu 2010 a glibc anaifulumizitsa pa ma processor ena a x86-64, ndipo njira yatsopanoyo nthawi zina inkakopera kuyambira kumapeto. Anthu a Fedora 14 anayamba kumva phokoso lachilendo akamamvera zinthu kudzera mu Flash ya Adobe. Mkangano unabuka, ndipo Linus Torvalds analowererapo, akuumirira kuti kuswa mapulogalamu a anthu chifukwa chakuti lamulo likukulolani si nzeru. Ena ankati wolakwa ndi amene anaphwanya lamulo, akonze khodi yake. Mbali zonse zinali ndi mfundo, koma munthu wamba amene ankangofuna kumvera nyimbo sakanatha kukonza Flash, chifukwa khodi yake inali yotsekedwa.

Chimene chinathetsa nkhaniyi chinali mndandanda wa mayina. Kuyambira pa glibc 2.1 ya mu 1999, dzina lililonse lotuluka mu glibc limanyamula chizindikiro cha mtundu, nzeru imene inayambira ku Solaris ya kampani ya Sun. Pulogalamu ikamamangidwa, imasunga dzina pamodzi ndi chizindikirocho. Choncho mu glibc 2.14 ya mu 2011 anaika ma memcpy awiri mu laibulale imodzi. Mapulogalamu akale, amene amapempha memcpy ya GLIBC_2.2.5, amapatsidwa imene imapirira malo olowerana. Omangidwa chatsopano amalandira ya GLIBC_2.14, yothamanga ija. Akale sanasweke, atsopano sanachedwetsedwe. Zimenezi zinatheka chifukwa glibc inali kale ndi mndandanda wosungidwa ndi anthu, wonena dzina lililonse ndi mtundu umene linalowera. Mndandanda wotoledwa ndi nm pa tsiku lomanga ulibe mbiri yotere. Umadziwa za lero zokha.

Nanga mayina achokere kuti? Perl imawatenga mu fayilo yotchedwa embed.fnc, momwe function iliyonse ili ndi mzere wake ndi zilembo zosonyeza ngati ndi ya anthu akunja kapena ya m'kati. Munthu ndiye amaika zilembozo. Ntchito ya makedef.pl ndi kuwerenga zimene munthu wasankha, kuona mmene Perl ikumangidwira ulendo uno, monga ngati ili ndi ma thread kapena ayi, kuchotsa mayina amene sapezeka pa kamangidwe kameneko, n'kulemba zotsalazo m'kalembedwe ka linker imene ilipo. Kuchotsako n'kofunika, chifukwa pa Windows mukatchula mu .def dzina limene kulibe, kumanga kumaima. Ine khalidwe limeneli ndimalikonda. Linker ya GNU mwachibadwa imangodutsa dzina losowa mu version script osanena kanthu, ndipo ndi bwino kuiuza --no-undefined-version kuti nayonso izikana.

OpenSSL imapita patsogolo pang'ono. Ili ndi mafayilo awiri, libcrypto.num ndi libssl.num, osungidwa pamodzi ndi khodi. Mzere uliwonse uli ndi dzina, nambala, mtundu wa OpenSSL umene dzinalo linayambira, ndi mawu osonyeza ngati likadalipo komanso kamangidwe kamene limapezekamo. Nambalayo ili ndi chifukwa chake: pa Windows pulogalamu ingathe kuitana function ya mu DLL ndi nambala m'malo mwa dzina, motero nambala ikapatsidwa kwa function ina, pulogalamu yakale ingaitane chinthu cholakwika popanda chenjezo. Choncho function ikachotsedwa, mzere wake ungathe kutsala ndi mawu akuti NOEXIST kuti nambalayo isatengedwe ndi wina. Kuchokera mu fayilo imodzi imeneyi, script ya mkdef.pl imalemba .def ya Windows, version script ya Linux ndi fayilo imene VMS imafuna. Kagawidwe ka ntchito kameneka ndi kamene ndimaona kuti n'kolondola. Kusankha ndi kwa munthu, ndipo amasankha kamodzi, pamalo amodzi pamene anzake angaone. Kubwereza kotopetsa kuja, kumene munthu amalakwitsako, n'kwa makina.

Pali njira ina yofika pomwepo popanda fayilo yapadera. Kuyambira pa GCC 4.0 ya mu 2005, mungamange ndi -fvisibility=hidden kuti zonse zibisike, kenako n'kuika chizindikiro pa function iliyonse imene mukufuna ituluke. Ambiri amapanga macro imodzi imene pa Windows imasanduka dllexport, pa Linux n'kusanduka chizindikiro cha GCC. Ulrich Drepper, amene anatsogolera glibc kwa zaka zambiri, analemba chikalata chachitali chotchedwa How To Write Shared Libraries, ndipo gawo lalikulu lake likunena za kuchepetsa mayina otuluka. Pali phindu linanso lapambali: mayina akachepa, fayilo imachepa, pulogalamu imadzuka msanga, ndipo compiler imamasuka kufulumizitsa khodi imene ikudziwa kuti palibe wakunja angailowe m'malo. Pa Windows palinso malire enieni, pakuti DLL imodzi siingatulutse mayina oposa 65,535, ndipo malaibulale akuluakulu a C++ otulutsa zonse amawagunda malirewo.

Pa C++ ndimavomereza kuti mndandanda wolembedwa pamanja umavuta. Compiler imapotoza mayina kuti anyamule kalasi ndi mitundu ya zinthu zimene function imalandira, motero pa Linux mumapeza zilembo zazitali zoyamba ndi _Z zimene munthu sangawerenge popanda c++filt, ndipo compiler ya Microsoft imawapotoza mwa njira yakeyake. Pamenepo macro ija ndiyo yabwino. Dandaulo lina limene ndimamva kawirikawiri n'lakuti mayeso amafuna kufika ku ma function am'kati. N'zoona, koma mayesowo angalumikizidwe mwachindunji ku mafayilo a compiler aja kapena ku laibulale ya static. Kutsegulira dziko lonse chifukwa chofuna kulowetsa mayeso anu n'kulipira mtengo waukulu pa chinthu chaching'ono.

Dandaulo lolemera kwenikweni ndi la amene alandira laibulale yakale, imene yakhala ikutulutsa zonse kwa zaka zambiri ndipo palibe akudziwa kuti ndani akudalira chiyani. Kuitseka tsiku limodzi n'kuswa anthu amene simukuwadziwa n'komwe. Mnyamata uja ndinamuyankha kuti nm tiigwiritse ntchito ndithu, koma kamodzi kokha. Titenge mndandanda umene watulukawo, tiuike mu git ngati fayilo wamba, ndipo kuyambira pamenepo script yomanga iziwerenga fayiloyo, osati mafayilo a compiler. Mayina akale onse atsale mmene alili, oipa ndi abwino omwe. Koma dzina latsopano lisatuluke pokhapokha wina atalemba mzere wake, mzere umene mnzake adzauone powunika khodi n'kufunsa kuti, "Achimwene, iyi mukufunadi kuti tidzaisunge mpaka kalekale?" Nthawi zambiri yankho limakhala lakuti ayi, ndipo mzerewo umachotsedwa function isanafike kwa munthu aliyense. Pa nthawi imeneyo kuchotsa n'kwaulere.

Kenako pamafunika mlonda. Kumanga kukatha, script ina iyendetse nm pa laibulale yomalizidwa, kapena dumpbin /exports pa Windows, iyerekeze ndi mndandanda, ndipo zikasiyana kumanga kuime. A Python ali ndi make smelly, imene imadandaula ikapeza dzina lotuluka losayamba ndi Py kapena _Py. Ku Debian, phukusi la laibulale lingathe kukhala ndi fayilo ya symbols, ndipo dpkg-gensymbols imaletsa kumanga dzina limene linalipo likasowa. Chida cha abidiff chimaonanso zimene mayina okha sanena, monga struct imene yakula kapena function imene yasintha zimene imalandira.

Mayina oipa akale aja sachoka msanga. Amene akufunika pakati pa malaibulale anu okha angapatsidwe chizindikiro chosonyeza kuti ndi a m'banja, monga glibc imachitira ndi GLIBC_PRIVATE ndi Qt 5 ndi Qt_5_PRIVATE_API, kuti amene awagwiritse ntchito asadzanene kuti sanadziwe, komanso kuti zida za opanga mapukusi zithe kumuona. Enawo amadikira tsiku limene nambala ya laibulale idzasinthe, .so.1 kukhala .so.2. Pa tsikulo init, cleanup ndi log_error amachoka pa mndandanda onse pamodzi, kusinthako kumalembedwa m'zolengeza za mtundu watsopano, ndipo mafayilo awiriwo amakhala limodzi pa makina a anthu mpaka mapulogalamu odalira yakaleyo atamangidwanso.